MAKUTU AKATSEKEKA, SI MAU OKHA AMENE AMATAYIKA

Nkhani yokambidwa kwa akhristu a m'maparishi a Dayosizi ya Chikwawa

MAU OYAMBA

 Ife a bungwe la chitukuko mu Mpingo mumatidziwa ndi nkhani za mbewu, ziweto, madzi aukhondo ndi chithandizo cha nthawi ya njala. Tsono ena adabwa kumva kuti lero tabwera ndi nkhani ya makutu. Kodi makutu ndi chitukuko zikumana pati?

Tiyankhe ndi funso linzake. Kodi m'mudzi mwanu muli agogo angati amene kale sankaphonya msonkhano wa mphakati, koma lero angokhala pakhonde? Tikawafunsa amati miyendo ikuwawa. Nthawi zina ndi miyendodi. Koma nthawi zambiri agogo aja atopa ndi kukhala pakati pa anthu amene akuseka, iwo osadziwa choseketsa. Atopa ndi kufunsa kuti "mwati bwanji?" mpaka zidzukulu kuyamba kuwanyogodola.

Mfundo yathu lero ndi imodzi. Munthu akasiya kumva bwino, amataya zambiri kuposa mau: amataya anzake, mtendere wa mumtima, chitetezo, ngakhale malo ake pabwalo la mfumu. Makina othandiza kumva angathe kubweza zambiri mwa zimenezi. Koma makinawo sadzipereka okha kwa munthu. Pafunika ife.

1. KODI VUTOLI NDI LALIKULU BWANJI?

M'chaka cha 2021 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidatulutsa lipoti lalikulu la nkhani ya kumva. Lidati anthu oposa 1.5 biliyoni samva mokwanira, ndipo mwa iwo 430 miliyoni ali ndi vuto lofunika chithandizo. Lidatinso pa anthu 100 aliwonse oyenera kuvala makina othandiza kumva, 17 okha ndiwo amavala.

Kuno ku Malawi, kafukufuku amene adachitika m'boma la Ntcheu m'chaka cha 2018 adapeza kuti pa anthu a zaka 50 ndi kuposerapo, mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi vuto la kumva, laling'ono kapena lalikulu. Tawerengani akuluakulu amene mwakhala nawo pa benchi limodzi, mudzaona nokha tanthauzo lake.

Zimene zimaononga kumva ndi izi:

(a) Ukalamba, umene umachepetsa kumva pang'onopang'ono, mwiniwake osazindikira.
(b) Mafinya otuluka m'khutu nthawi yaitali, makamaka kwa ana.
(c) Phula lochuluka limene latseka khutu.
(d) Matenda monga chikuku, matsagwidi, malungo aakulu ndi matenda oumitsa khosi.
(e) Mankhwala ena amphamvu, monga kwinini ndi majekeseni ena, makamaka akaperekedwa ndi munthu wosaphunzira za chipatala.
(f) Phokoso la tsiku ndi tsiku, monga la m'chigayo, la m'fakitale ndi la zimkuzamau za pa zisangalalo.

Ana ena amabadwa nalo vutoli. Koma a WHO akuti pa ana 10 aliwonse ovutika kumva, 6 akadapulumuka ndi katemera, uchembere wabwino ndiponso kuchiza msanga matenda a m'khutu. Si ufiti ayi, ndipo si chilango cha Mulungu.

2. MAKINA OTHANDIZA KUMVA NDI CHIYANI?

Ndi kachipangizo kakang'ono, kosaposa chala, kamene kawirikawiri kamakhala kuseri kwa khutu. Kali ndi kamaikolofoni kotola mau, mbali ina yokweza mauwo, ndi kasipika kowatumiza m'khutu kudzera m'kapaipi kopyapyala. Kumapeto kwa kapaipiko kuli kachikombole koumbidwa molingana ndi khutu la mwiniwake. Mphamvu yake imachokera ku batire laling'ono ngati batani la malaya.

Makinawa sangokweza mau onse chimodzimodzi ngati wailesi. Katswiri amayamba wayesa makutu, naona mau amene munthu akuwaphonya, kenaka amatchera makinawo kuti akweze mau okhawo. Okalamba ambiri amamva bwino mau aakulu ngati a ng'oma, koma amaphonya mau opyapyala. N'chifukwa chake amati, "Ndikumva kuti mukulankhula, koma sindikumva chimene mukunena." Kuwakuwira sikuthandiza kwenikweni, kumangowachititsa manyazi.

3. UBWINO WAKE PA MOYO WONSE WA MUNTHU

(a) Mtendere wa mumtima

Kuno kwathu munthu ndi munthu chifukwa cha moni, macheza, maliro ndi ukwati. Wosamva bwino amayamba kuzemba zonsezi. Akayankha zosiyana ndi funso anthu amaseka. Akadutsa osayankha moni amatchedwa wamwano. Mapeto ake amadzipatula, ndipo madokotala apeza kuti anthu otere amagwidwa kawirikawiri ndi nkhawa ndi kukhumudwa. M'banja namonso mumabuka mikangano: bambo akuti mayi sadanene, mayi akuti adanena kawiri.

Tinenenso chinthu chowawa. M'dziko muno okalamba ena akhala akunamiziridwa ufiti, ena kumenyedwa ngakhale kuphedwa kumene. Kodi amene amalozedwa chala ndi ati? Kawirikawiri ndi uja wokhala yekhayekha, wosayankha moni, wolankhula zosagwirizana ndi zimene anthu akukamba. Tisanaweruze nkhalamba, tiyambe tafunsa ngati ikutimva.

Munthu akayamba kuvala makina, amabwereranso m'macheza. Ambiri amene amavutika ndi kulira kwa m'makutu amaonanso kuti kulirako sikuwasautsa monga kale, pakuti mau enieni a kunja ayambanso kulowa.

(b) Ubongo

Khutu limangotola mau. Womva weniweni ndi ubongo. Mau akamafika odukaduka, ubongo umatha mphamvu zambiri polumikiza zidutswazo, ngati munthu wowerenga kalata yonyowa ndi mvula. N'chifukwa chake wosamva bwino amabwera ku msonkhano ali wotopa ngati walima, ndipo sakumbukira zambiri za zimene zakambidwa.

M'zaka za 2020 ndi 2024, gulu la akatswiri losonkhanitsidwa ndi magazini ya madokotala ya The Lancet lidaika vuto la kumva pakati pa zinthu zikuluzikulu zopeweka zimene zimaonjezera chiopsezo cha matenda a kuiwalaiwala kwa okalamba. M'chaka cha 2023 padatuluka zotsatira za kafukufuku wa ku America wotchedwa ACHIEVE, amene adatsata anthu 977 a zaka 70 mpaka 84 kwa zaka 3. Tikuuzeni zoona zake zonse: poona gulu lonse, sipadaoneke kusiyana pakati pa ovala makina ndi osavala. Koma pa gulu la okalamba amene anali kale pa chiopsezo chachikulu, kufooka kwa nzeru kudachepa liwiro pafupifupi ndi theka mwa amene adalandira makina. Motero sitikunena kuti makinawa ndi mankhwala a kuiwala. Tikunena kuti ubongo umene ukumva ndi kucheza umakhala pa ntchito, monga khasu logwiritsidwa ntchito silichita dzimbiri msanga.

(c) Chitetezo cha thupi

Akatswiri apeza kuti okalamba osamva bwino amagwa kawirikawiri kuposa anzawo. Makutu amatithandiza kudziwa chimene chili kumbuyo ndi kumbali kwathu. Taganizani za mseu wodutsa pa Nchalo, Ngabu ndi Bangula, ndi malole ake, njinga zamoto ndi za kabaza. Taganizani za m'mbali mwa Shire, pamene kukuwa kwa mnzako kuti "ng'ona!" kapena "mvuu!" kungakhale kusiyana kwa moyo ndi imfa.

Ife a m'chigwa chino tikudziwanso za madzi osefukira. Tidawaona mu Januwale 2015, mu Malichi 2019, pa namondwe Ana mu Januwale 2022, ndi pa namondwe Freddy mu Malichi 2023. Machenjezo athu onse ndi a m'makutu: wailesi, chimkuzamau, wezulo, ng'oma, kukuwa. Wovala makina amamva chenjezo la masana limodzi ndi anzake, nakonzeka nthawi ikadalipo. Koma kumbukirani kuti usiku makina amavulidwa, pamene madzi sasankha nthawi. Choncho aliyense wovutika kumva akhale ndi mnansi wodziwika bwino amene udindo wake ndi kukamudzutsa.

Ku chipatala nakonso kumva ndi moyo. Wodwala amene sadamve bwino ngati amwe mbulu umodzi kawiri kapena iwiri kamodzi, nachita manyazi kufunsanso, angathe kudzipweteka ndi mankhwala omwe akadamuchiritsa.

(d) Mwana ndi sukulu

Mwana amaphunzira kulankhula pomva ena akulankhula, makamaka m'zaka zake zitatu zoyambirira. Akachedwa kuthandizidwa amachedwanso kulankhula, kuwerenga ndi kulemba. M'kalasi la ana ambirimbiri, mwana wosamva bwino wokhala kumbuyo amangoona milomo ya aphunzitsi ikugwedezeka. Kunyumba timamutcha nkhutukumve, kusukulu amatchedwa mbuli, ndipo mwina amakwapulidwa chifukwa cha mlandu umene suli wake. Akabwereza kalasi kawiri katatu amasiya sukulu. Mwana yemweyo akapezeka msanga, nachizidwa kapena kupatsidwa makina, nakhazikidwa kutsogolo, angathe kuphunzira ngati anzake.

(e) Ntchito ndi chuma

Wogulitsa nsomba kapena thonje amene samva bwino mtengo amaberedwa mosavuta. Mlimi amaphonya malangizo a alangizi. Mayi wa m'gulu la banki ya m'mudzi samva m'mene ndalama zawerengedwera. Kubwezeretsa kumva ndi kubwezeretsa munthu pa ntchito yodyetsa banja lake. Apa ndiye pamene makutu ndi chitukuko zikumana.

(f) Ufulu wa nzika

Pa 8 Malichi 1992 maepiskopi athu, mmodzi mwa iwo Ambuye Felix Mkhori amene pa nthawiyo anali episkopi wa Chikwawa, adatulutsa kalata imene idakumbutsa dziko lonse kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wolankhula ndi wotenga mbali pa zochitika za dziko lake. Koma munthu angatenge mbali bwanji pa nkhani imene sakuimva? Mlandu wa malire a munda umaweruzidwa pabwalo iye akungogwedeza mutu. Maina a olandira chithandizo amaitanidwa, lake litchulidwa, iye osayankha, mpaka kudumphidwa. Pa nthawi ya chisankho samva zimene opikisana akulonjeza, ndipo amavota motsata zimene wina wamuuza.

Ndime 20 ya Malamulo Aakulu a dziko lathu imaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali. Motero kuthandiza wovutika kumva si chifundo chabe ayi, ndi chilungamo.

(g) Moyo wauzimu

Mkhristu wosamva bwino amabwera ku Misa koma ulaliki umamudutsa. Ena adasiya kupita ku sakramenti la kulapa poopa kuti wansembe akweza mau ndipo a pamzere amva zinsinsi zawo. Ena adatuluka m'kwaya imene ankaikonda. Amenewa sadataye chikhulupiriro. Makutu ndiwo adawatsekera kunja.

4. ZOYENERA KUDZIWA ZA MAKINAWA

Sitifuna kuti wina achoke pano ndi chiyembekezo chonama. Makina sachiza khutu, ndipo si aliyense wovutika kumva amene akuwafuna. Ambiri amangofunika kuchotsedwa phula kapena kuchizidwa mafinya ku chipatala, basi nkuyambanso kumva. Ena amene samva konse sathandizidwa mokwanira ndi makina. Kwa iwo chinenero cha manja ndicho njira, ndipo ndi chinenero chenicheni choyenera ulemu. Sukulu monga Maryview ku Nguludi, Mountain View ku Bvumbwe ndi ya ku Mua zimaphunzitsa ana otere, ndipo bungwe la MANAD limalankhulira anthu osamva m'dziko muno.

Kwa amene alandira makina, malangizo ndi awa:

(a) Masiku oyamba mau amamveka achilendo: nkhuku, mbale, ngakhale mau ako omwe. Ubongo umafuna milungu ingapo kuti uzolowere. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Valani tsiku lililonse, osati Lamulungu lokha.
(b) Kutentha kwa chigwa chino, thukuta ndi fumbi ndi adani a makinawa. Apukuteni ndi kansalu kouma madzulo aliwonse, tsekulani kachitseko ka batire, ndi kuwasunga m'kabotolo kouma kotseka bwino, kutali ndi moto ndi dzuwa.
(c) Vulani posamba, pogona ndi pa mvula.
(d) Mabatire amatha m'masiku owerengeka, choncho banja liziwaika pa mndandanda wa zogula monga mchere ndi sopo. Asungeni patali ndi ana, pakuti mwana akameza batire moyo wake uli pa ngozi. Thamangirani naye ku chipatala.
(e) Makina akamalira ngati wezulo, ndiye kuti kachikombole sikadakhale bwino kapena m'khutu muli phula. Kwa mwana, kachikombole kamafunika kusinthidwa akamakula.
(f) Musabwereke makina a mnzanu, ndipo musagule pamsika musanayesedwe. Makina okweza mau mopyola muyeso angathe kuononga kumva kotsalako.
(g) Musatokose m'khutu ndi nthenga kapena kamtengo ka machesi, ndipo musathiremo madzi a zitsamba.

5. CHITHANDIZO CHILI KUTI?

Poyambira ndi kwa alangizi a zaumoyo a m'mudzi mwanu ndi ku chipatala chapafupi: cha boma ku Chikwawa, ku Ngabu kapena ku Nsanje, kapena zipatala za Mpingo monga St Montfort ku Nchalo, Kalemba ku Bangula ndi Trinity ku Muona. Kumeneko akayang'ana m'khutu, ndipo ngati kuli kofunika akakulemberani kalata yopita ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Ku Queen Elizabeth kuli gawo loona za makutu, mphuno ndi kukhosi, ndipo m'chaka cha 2016 kudatsekulidwa kiliniki yoyesa kumva ndi kuika makina. Ku Lilongwe kulinso kiliniki yotere pa African Bible College. Musananyamuke funsani za tsiku loyenera kupita ndi ndalama zofunika.

Koma imvani izi. M'chaka cha 2017 padatuluka zotsatira za kafukufuku wochitika kwa anansi athu a ku Thyolo, amene mmodzi mwa omuchita anali Dr Wakisa Mulwafu, dokotala wa makutu wa ku Queen Elizabeth. Ana 150 adapezeka ndi vuto la makutu natumizidwa ku Blantyre. Amene adakafika anali 5 okha. Makolo atafunsidwa adatchula kutalika kwa ulendo, kusowa ndalama ya galimoto ndi ya chakudya, mantha a chipatala chachikulu chimene sadapiteko, ndiponso kusamvetsa bwino zimene adauzidwa.

Kuchokera pa boma la Chikwawa kukwera phiri kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 50. Kwa wa ku Chapananga, ku Makhanga kapena ku Marka ulendowo ndi wautali koposa. Ngati a ku Thyolo adalephera, ife tidzatha bwanji, aliyense payekha? Chipatala chilipo, akatswiri alipo, koma pakati pa khomo la wodwala ndi khomo la chipatala pali mtsinje wopanda mlatho. Mlathowo ndiye mphakati.

6. UDINDO WATHU

Mu Mthenga Wabwino wa Marko, mutu 7, ndime 31 mpaka 37, timawerenga za munthu wosamva ndi wovutika kulankhula amene Yesu adamuchiritsa. Tionepo zinthu ziwiri. Choyamba, munthuyo sadabwere yekha. Sakadamva n'komwe kuti Yesu ali m'deralo. Anthu ena ndiwo adamutenga ndi kumupemphera chithandizo. Chachiwiri, Yesu sadamuchite chionetsero. Adamutengera pambali, kutali ndi khamu, namusungira ulemu wake. M'mwambo wa ubatizo muli gawo limene wansembe amakhudza makutu ndi pakamwa pa wobatizidwa pokumbukira nkhani yomweyi. Ife obatizidwa tiyenera kukhala ngati anthu aja amene adaperekeza mnzawo.

Mutu umodzi susenza denga. Tsono tikupempha mphakati uliwonse kuti uchite izi:

(a) Mudziwe amene akuvutika kumva m'dera lanu, ana ndi akulu omwe. Muwafikire mwaulemu ndi mwamseri, osati kuwatchula maina pagulu.
(b) Musonkhe kangachepe kolipirira ulendo wa ku chipatala ndi mabatire a osowa, ndipo musankhe munthu wodziwa njira woti aziperekeza.
(c) Wobwera ku chipatala muzimuyendera. Makina ambiri amathera m'sutikesi chifukwa palibe wolimbikitsa mwiniwake pa milungu yoyamba ija.
(d) M'tchalitchi ndi pa misonkhano musungire ovutika kumva malo a kutsogolo. Owerenga ndi olengeza aziyang'ana anthu, azilankhula momveka ndi mosathamanga. Pakhale malo apadera olapira amene samva bwino.
(e) Polankhula ndi wovutika kumva, yambani mwamukodola, muyang'anizane naye pamalo owala, tsitsani wailesi. Akapanda kumva, nenaninso ndi mau ena. Musanene kuti "basi zisiyeni", pakuti mau amenewa amapweteka kuposa kusamvako.
(f) Mupemphe a komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'mudzi mwanu kuti alembe nyumba zonse zofunika kugogodedwa pa nthawi ya madzi.
(g) Makolo, ana alandire katemera yense, ndipo khutu likayamba kutuluka mafinya pitani nawo ku chipatala sabata lomwelo.
(h) Kudzera mwa makhansala, aphungu ndi makomiti a chitukuko, tipemphe kuti akatswiri a makutu azifika kawirikawiri m'zipatala za m'chigwa chino. Pa 3 Malichi chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira tsiku la kumva. Limeneli lingakhale tsiku labwino lokumbutsana nkhaniyi pa parishi.

Kwa inu amene mukudziwa mumtima kuti makutu anu ayamba kufooka, tikuti: musachite manyazi. Wovala magalasi a maso sitimuseka, nanga wovala makina a m'khutu timusekerenji? Safunsa adadya phula. Pitani mukayesedwe. Mphakati ukusowa nzeru zanu, zidzukulu zikusowa nthano zanu, ndipo bwalo la mfumu likusowa umboni wanu wa malire akale.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MIPHAKATI

1. Kodi ndani m'dera lathu amene adasiya kubwera ku misonkhano, ife osafufuza chifukwa chake?
2. Kodi ndi maina ati ndi machitidwe ati amene timanyoza nawo anthu ovutika kumva, mwina mosazindikira?
3. Madzi atabwera usiku uno, ndani pakati pathu amene sangamve chenjezo? Nanga adzamudzutse ndani?
4. Kodi tingasonkhe bwanji ndalama yoti munthu mmodzi akafike ku chipatala mwezi uno? Adzamuperekeze ndani?

Musabalalike pa msonkhano wanu musanagwirizane za munthu mmodzi woyamba kumuthandiza ndi tsiku la ulendo wake.

Ambuye amene adatsekula makutu a wosamva uja atsekulenso athu, kuti timve abale athu amene adakhala chete kalekale.